Dzina la mlimi lilembedwe kamodzi

Pa Biriwiri, m'boma la Ntcheu, malonda sadziwa malire. Msewu wa M1 m'chigawo chimenechi umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, moti mbatatesi, kabichi, anyezi ndi nyemba zimene zimakwezedwa m'malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zina zimachokera m'minda ya mbali ino, zina mbali inayo. Pamene pali katundu wotere zolemba sizilephera. Kalabu ya alimi ili ndi buku lake, wogulitsa feteleza ali ndi buku la angongole, banki m'khonde ili ndi kaundula wa masheya. Masiku ano mabuku amenewa ayamba kusamukira pa kompyuta, ndipo kawirikawiri amene amamupatsa ntchito yosamutsayo ndi mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza kumene kosi ya miyezi ingapo, wodziwa kutsekula Excel kapena Microsoft Access. Ndemanga ino ikulankhula ndi iyeyo, komanso ndi a komiti amene amamutuma.

Chimene ongoyamba kumene amachita pafupifupi onse n'chimodzi: amatenga buku la pepala lija n'kulikopera pa kompyuta momwe lilili. Ndiye kuti tebulo limodzi lalikulu, lotambalala, lokhala ndi zonse. Kenaka mphamvu zawo zonse amathera pa fomu yolowetsera zinthu, kuiika mitundu, mabatani ndi chizindikiro cha kalabu pamwamba. A komiti akaona amawomba m'manja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Database (nkhokwe ya zolemba pa kompyuta) yabwino imayambira pa kayalidwe ka matebulo, ndipo lamulo lake lalikulu ndi lakuti mfundo iliyonse ilembedwe malo amodzi okha. Fomu imabwera pambuyo.

Tiyerekeze kuti kalabu ina pafupi ndi Biriwiri imasonkhanitsa zokolola za mamembala ake n'kukagulitsa pamodzi. Mlembi wayala tebulo lake motere: tsiku, dzina la mlimi, mudzi, gulupu, nambala ya foni, mbewu yoyamba, matumba ake, mbewu yachiwiri, matumba ake, mbewu yachitatu, matumba ake, mtengo, ndalama zonse. Mlimi akabwera ndi katundu, mlembi amadzaza mzere watsopano kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Mwezi woyamba palibe chovuta. Vuto limatulukira tsiku limene wapampando wafunsa funso losavuta: kodi mayi uje wabweretsa matumba angati a mbatatesi chaka chino?

Mayiyo wabwera kangapo, ndipo ulendo uliwonse dzina lake linkalembedwa mwatsopano. Tsiku lina mlembi analemba dzina la pa chiphaso cha unzika. Tsiku lina analipo ndi wothandizira wake, amene amamudziwa mayiyo ndi dzina la mfunda, ndiye anangolemba kuti Naphiri. Tsiku linanso chala chinaphonya chilembo chimodzi. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa kompyuta ndi anthu atatu. Mudzi nawonso chimodzimodzi, poti m'chinenero chathu l ndi r zimalowana malo: wina alemba Biriwiri, wina Biliwili, wina Biri-Biri monga amalembera anzathu a ku Mozambique. Ndipo pofuna kuwerengera mbatatesi, mlembi ayenera kuyang'ana m'madanga atatu, chifukwa tsiku lina mbatatesi inali mbewu yoyamba, tsiku lina yachitatu. Nanga tsiku limene mlimi wabwera ndi mbewu zinayi? Apo mlembi amapanikiza ziwiri m'kabokosi kamodzi, "anyezi ndi nyemba", ndipo kuchokera pamenepo palibe masamu amene kompyuta ingachitenso pa kabokosi kameneko.

Pali mavuto ena atatu amene saonekera msanga. Mlimi akasintha nambala ya foni, muyenera kuikonza m'mizere yonse imene iye alimo. Mukaiwala umodzi, tebulo lanu lili ndi nambala ziwiri ndipo silikuuzani yoona. Membala watsopano amene walipira ndalama yolowera koma sanakolole alibe polembedwa, chifukwa mzere umabadwa pokhapokha katundu akabwera. Ndipo mukafufuta mzere wolakwika wa mlimi amene anangobwera kamodzi, mwafufutira limodzi mudzi wake ndi foni yake. Zonsezi gwero lake n'limodzi: zinthu zosiyana, munthu, mudzi, mbewu ndi malonda a tsikulo, zaunjikidwa pamodzi.

Mankhwala a vutoli si atsopano. Mu 1970 Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku San Jose, m'dziko la America, anafalitsa ganizo lakuti zinthu zosungidwa pa kompyuta ziziikidwa m'matebulo olumikizana kudzera m'manambala ozindikiritsa. Chaka chotsatira anawonjezera malamulo oyeretsera matebulowo. Ntchito yoyeretsayi ndi imene a makompyuta amaitchula kuti normalization, ndipo masitepe ake amawatchula kuti first, second ndi third normal form. Mayinawa asakuopseni. Sitepe yoyamba ikuti kabokosi kamodzi kasunge chinthu chimodzi, ndipo pasakhale madanga obwerezabwereza ngati mbewu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Masitepe awiri otsatirawo, tikawafinya, akuti chilichonse cholembedwa mu mzere chikhale chonena za mwini mzerewo basi. Foni ndi ya mlimi, si ya thumba la kabichi. Gulupu ndi wa mudzi, si wa mlimi. Pali masitepe ena apamwamba, koma kalabu ya alimi ikafika pachitatu yafika.

Ndiye tebulo lalikulu lija ligawidwe bwanji? Musayatse kompyuta kaye. Tengani pepala, mulembe maina a zinthu zimene kalabu imachita nazo: alimi, midzi, mbewu, malisiti. Chilichonse chikhale ndi tebulo lake. Tebulo la alimi lili ndi mzere umodzi pa mlimi aliyense, ndipo mzerewo uli ndi nambala imene sidzapatsidwanso kwa wina. Nambala imeneyi ndiyo primary key. Tebulo la midzi lili ndi mzere umodzi pa mudzi uliwonse, nawonso ndi nambala yake. M'tebulo la alimi simulembamo dzina la mudzi ayi, mumangoikamo nambala ya mudziwo, ndipo nambala yobwereka ku tebulo lina chotere amaitchula kuti foreign key. Mawa mukaona kuti dzina la mudzi munalilemba molakwa, mukonza pamalo amodzi ndipo alimi onse a m'mudzimo akonzekera limodzi.

Apa pali yesero limene ku Biriwiri liyenera kukanidwa. Chiyambire kalembera wa unzika amene a National Registration Bureau anachita mu 2017, anthu ambiri akuluakulu ali ndi chiphaso, ndipo wina angaganize kuti nambala ya chiphasocho ndiyo ikhale primary key. Koma chiphasochi chimaperekedwa kwa amene akwanitsa zaka 16, ndipo mlimi wa mbali ya Mozambique amene amagulitsa nanu alibe chiphaso cha Malawi. Wina chake chinatayika, wina mlembi anachikopera molakwa. Nambala ya chiphaso isungidwe m'danga lake, inde, koma nambala yomangira matebulo ikhale imene kompyuta imapereka yokha, imene mu Access amaitchula kuti AutoNumber. Dzina ndiye silingakhale kiyi n'komwe. A Phiri ndi a Banda alipo angati m'mudzi umodzi? Ngakhale malo amafanana maina: Tsangano alipo ku Ntcheu, ndipo tsidya linalo, m'chigawo cha Tete, kulinso boma la Tsangano.

Gawo limene limazunguza ongoyamba kumene ndi la katundu. Mlimi mmodzi amabweretsa mbewu zambiri, ndipo mbewu imodzi imabwera ndi alimi ambiri. Yankho lili pa lisiti wamba wa m'sitolo. Pamwamba pake pamakhala zolembedwa kamodzi: nambala ya lisiti, tsiku, ndi mwini wake. M'munsi mumakhala mizere, katundu aliyense mzere wake. Pa kompyuta amenewa ndi matebulo awiri. Loyamba ndi la malisiti: nambala, tsiku, nambala ya mlimi. Lachiwiri ndi la mizere ya lisiti: nambala ya lisiti, nambala ya mbewu, kuchuluka, muyeso, mtengo. Mlimi akabwera ndi mbewu imodzi, mzere umodzi. Akabwera ndi zisanu ndi ziwiri, mizere isanu ndi iwiri. Palibe danga lotsala lopanda kanthu, palibe lopanikiza. Funso la wapampando lija tsopano ndi query (funso lopita kwa kompyuta) ya mphindi imodzi: mizere yonse ya mbatatesi ya malisiti a mlimi wakutiwakuti, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti. Ndipo chonde musatsekule tebulo latsopano mwezi uliwonse, la Januwale, la Febuluwale. Tsiku lili kale pa lisiti, ndipo kusankha za mwezi umodzi ndi ntchito ya query.

Tsono pali anthu amene akamva lamulo lakuti chinthu chilembedwe kamodzi amalitengera pamwamba mpaka kuwononga. Amati mtengo wa mbatatesi ukhale m'tebulo la mbewu basi, malisiti onse azikautenga kumeneko. Kumeneku n'kulakwa kwakukulu. Mtengo wa thumba la mbatatesi nthawi yokolola si womwewo patapita miyezi iwiri, ndipo tonse tikukumbukira momwe mitengo inalumphira pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukasintha mtengo m'tebulo la mbewu, malisiti onse akale asintha nawo, ndipo mlimi amene munamulipira chaka chatha aoneka ngati munamubera. Mtengo umene munagwirizana tsiku limenelo ndi mfundo ya mzere wa lisitiwo, choncho ulembedwe pomwepo ndipo usakhudzidwenso. Kumeneku si kubwereza ayi: mtengo wa lero ndi mtengo wa tsiku la malonda ndi zinthu ziwiri. Chimene sichiyenera kusungidwa ndi ndalama zonse, poti zimenezo kompyuta imawerengera yokha pochulukitsa matumba ndi mtengo. Mukazisunga, tsiku lina wina adzakonza matumba n'kuiwala kukonza ndalama. Ku malire kuno onjezaninso danga lonena ngati malondawo anali a kwacha kapena a metical ya ku Mozambique, ndi lina la muyeso, chifukwa 10 yopanda mchira sitidziwa ngati ndi matumba, ndowa kapena makilogalamu.

Kanthu kena kakang'ono koma kowawa: nambala ya foni isungidwe ngati mawu, osati ngati nambala ya masamu. Mukailemba mu Excel m'kabokosi wamba, ziro wa kumayambiriro kwa 099 kapena 088 amasowa. Ndiponso alimi ena manambala awo ndi oyamba ndi +258, osati +265.

Matebulo akayalidwa, tsopano ndiye nthawi ya fomu. Ndipo apa dandaulo la alembi ndi lomveka: kodi ndiziloweza manambala a alimi onse ndi a midzi yonse? Ayi, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chokhalira ndi fomu. Ntchito ya fomu ndi kuonetsa munthu maina, uku ikusunga manambala. Chida chake ndi kabokosi kotsitsa mndandanda, kamene mu Access ndi mu LibreOffice Base mumakapeza pa zida zomangira fomu. Mu Access amakatchula kuti combo box. Mumakauza kuti katenge madanga awiri ku tebulo la mbewu, nambala ndi dzina. Danga la nambala mumalipatsa m'lifupi mwa 0 kuti lisaoneke, koma ndi lomwelo limene limasungidwa. Mlembi akuona "Mbatatesi", akudina, ndipo m'tebulo mukulowa 3. Mukatchera Limit To List kuti Yes, kabokosiko kamakana chilichonse chimene mulibe mu mndandanda. Posankha mlimi, mndandandawo uonetse dzina pamodzi ndi mudzi, kuti a Phiri awiri asasokonezedwe. Fomu ya lisiti ikhale ndi mutu pamwamba ndi kafomu kena m'munsi ka mizere, subform, monga momwe lisiti wa pepala alili, kuti mlembi asamve kuti walowa m'dziko lachilendo.

Midzi ikachuluka, mndandanda umodzi umatalika mpaka kutopetsa. Njira yake ndi kumanga timabokosi totsatana. Kabokosi koyamba kaonetse maboma 28 a Malawi. Mukasankha Ntcheu, kabokosi kachiwiri kaonetse mafumu aakulu a ku Ntcheu okha, monga Njolomole, Kwataine, Mpando, Ganya, Makwangwala ndi anzawo. Mukasankha mmodzi, kachitatu kaonetse magulupu ake okha, kenaka midzi. Zimatheka chifukwa tebulo lililonse lili ndi nambala ya kholo lake: mudzi umaloza gulupu, gulupu amaloza mfumu yaikulu, mfumu yaikulu imaloza boma. Kabokosi ka m'munsi kamafunsa kuti, ndipatseni mizere imene kholo lake ndi limene lasankhidwa pamwambapa. Mu Access muyenera kulamula kabokosi ka m'munsi kuti kafunsenso mwatsopano, Requery, nthawi iliyonse ka pamwamba kakasintha. Ambiri amaiwala lamulo limeneli, ndiye amadabwa kuona midzi ya kwa Ganya pansi pa Njolomole. Amene amalemba kalembera pa foni ndi KoboToolbox kapena ODK amadziwa kale mndandanda wotsatana chotere. Koma zindikirani kuti kwa amene ali ndi tebulo limodzi lalikulu lija, timabokosi timeneti sitingamangike, chifukwa palibe kotenga mndandanda woyera. Fomu yabwino ndi mwana wa matebulo abwino.

Fomu yosankhitsa nayo ili ndi tchimo lake, ndipo liyenera kunenedwa. Mndandanda ukakhala wosakwanira, mlembi sabweza mlimi. Amangodina chilichonse chapafupi kuti mzere uyende. Mlimi wa ku Angónia, ku Mozambique, amene kwawo madera amagawidwa mosiyana ndi kwathu, amapezeka atalembedwa pansi pa mfumu ya ku Ntcheu imene sanaionepo. Bodza lotere n'loopsa kuposa kulakwitsa chilembo, chifukwa limaoneka laukhondo. Choncho ku Biriwiri kabokosi koyamba kakhale ka dziko, ndipo pakhale njira yowonjezera mudzi kapena mbewu yatsopano, imene munthu mmodzi wodalirika ndiye akhale ndi mphamvu yoivomereza. Kabokosi ka "zina" kokha sikokwanira. Pakutha pa chaka theka la katundu lidzakhala "zina". Musaikenso yankho lodzisankha lokha pa danga lofunika, poti munthu wotopa amalisiya momwemo.

Zoti munthu azisankha m'malo molemba si nzeru yobwereka dzulo. Bungwe la Baobab Health linayamba mu 2001 kuika makompyuta odina pa galasi ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central Hospital. Wogwira ntchito ankasankha yankho ndi chala, ndipo wodwala ankapatsidwa nambala yake pa kapepala ka barcode komata pa buku lake la kuchipatala, kuti akabweranso asalembedwe ngati munthu watsopano. Mfundo ziwiri zomwezi, nambala imodzi pa munthu mmodzi ndi kusankha m'malo molemba, ndi zimene kalabu ya alimi ikufuna, ngakhale ili ndi laputopu imodzi yakale.

Kodi aliyense ayenera kusiya Excel? Ayi. Gulu la anthu 20 la banki m'khonde likhoza kuyenda bwino ndi buku la pepala, ndipo wogulitsa m'kagolosale akhoza kukhala ndi Excel, bola agawe mapepala ake monga tafotokozera ndi kugwiritsa ntchito Data Validation pomanga mindandanda. Koma Excel sikuletsani kufufuta mlimi amene ali ndi malisiti, pamene Access, mukalumikiza matebulo n'kuchonga Enforce Referential Integrity, imakana. Anthu akachuluka, alembi akakhala awiri, ndalama zikakhala za eni ake ambiri, kukana kumeneko ndiko mukufuna.

Cholakwa china chili m'masukulu ophunzitsa makompyuta. Ambiri amaphunzitsa podina, saphunzitsa poganiza. Wophunzira amatuluka akudziwa kupanga tebulo, fomu ndi lipoti pogwiritsa ntchito wizard (chida chimene chimakutsogolera podina), koma sanapatsidwepo buku lenileni la angongole, lothimbirira ndi lofufutafufuta, kuti aligawe m'matebulo ndi pensulo. Phunziro limeneli silifuna magetsi kapena kompyuta, ndipo ndi limene limasiyanitsa wodina ndi womanga. Kuyala bwino kumathandizanso pa nkhani ya chinsinsi. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo manambala a ziphaso ndi a mafoni akakhala m'tebulo limodzi lokha, mukhoza kutumiza lipoti la matumba kwa wogula wa ku Blantyre popanda kumupatsa za m'nyumba za mamembala anu. Ndi tebulo lalikulu lija, mukatumiza pa WhatsApp mwatumiza zonse.

Kusamutsa zakale n'kotopetsa, tisanamizane. Wina ayenera kukhala pansi ndi mlembi wakale, amene amadziwa kuti Naphiri wa pa tsamba ili ndi yemweyo wa dzina lina pa tsamba linalo, n'kuyeretsa mndandanda wa alimi dzina ndi dzina. Kompyuta singachite zimenezo. Ntchito imeneyi ichitike isanafike nyengo yokolola, osati malole ali pamsewu.

Kwa inu a komiti: mwana wanu akabwera kudzakuonetsani fomu yokongola, musafulumire kuwomba m'manja. Muuzeni akuonetseni pepala limene anajambulapo matebulo. Kenaka mufunseni asinthe nambala ya foni ya mlimi mmodzi inu mukuona, alembe membala amene sanabweretse kanthu, alembe mlimi wa ku Mozambique wobwera ndi mbewu zinayi, ndipo akweze mtengo wa mbatatesi kuti muone ngati lisiti wa mwezi watha wasintha. Ngati chimodzi mwa izi chamuvuta, mupatseni sabata ina akayalenso matebulo, ndipo buku la pepala lija musalitaye kufikira nyengo imodzi yathunthu itadutsa mabuku awiriwo akugwirizana.